Nambala ija ili pa bokosi, koma kuno bokosi lake sitiliona

Amake Dalitso: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndibweretse nkhani yanga pano chifukwa mtima sunakhale pansi kuyambira dzulo. Dalitso anachoka pakhomo 14 hours ati ndikupita kukawerenga kwa mnzanga, kufika 17 mwana osabwera, ndatuma mlongo wake akamufune wabwerako ati ali mu gemu shopu ija ya kuseri kwa msika wa Kabwata. Ndapita ndekha ndi chitenje changa cha pakhomo. Zomwe ndaona pa TV paja abale inu, munthu akukoka mzimayi kumutulutsa mu galimoto, kumuponya pansi, kuthawa nayo galimotoyo apolisi ali pambuyo, ndiye amene wagwira padi ndi mwana wanga, akuseka, anzake anayi amuzungulira akukuwa mugunde mugunde. Mwana wa zaka 11, giredi 6. Ndiye ndifunse, zinthu zimenezi zilibe malamulo kodi?

Gift: imeneyo ndi GTA amayi 😂😂

Amake Dalitso: Usaseke iwe Gift, ndakwiya zenizeni

Gift: pepani amayi ndasiya

A Tembo: Mwaswera amake Dalitso. Ine za magemu sindizidziwa, m'nthawi yathu kunali nsolo ndi mpira wa mapepala basi. Achinyamata tithandizeni, pali lamulo kapena palibe

Yamikani: Chizindikiro chilipo a Tembo. Gemu iliyonse ikamatuluka amaiika nambala ya zaka. Ku Ulaya kuli PEGI, anayamba 2003, nambala zawo ndi 3, 7, 12, 16 ndi 18. Ku America kuli ESRB, iwo amalemba zilembo, E ya aliyense, T ya achinyamata, M ya 17 kupita m'mwamba. GTA V imene amayi aonayo inatuluka 2013, ndi PEGI 18, kwa aku America ndi M. Ndipo zomwe mwaona inu ndi zochepa, mkatimo muli gawo lina lomwe wosewera amazunza munthu womangidwa pa mpando mpaka kumuzula dzino, muli ndi bala ya akazi ovina osavala. Si gemu ya ana ngakhale pang'ono

Amake Dalitso: Mayo ine

Aphunzitsi Zulu: Ndiye nambalayo imalembedwa pati? chifukwa ine ana anga a mkalasi amatchula GTA tsiku ndi tsiku ngati dzina la mnzawo, sindinamvepo wina akuti ndi ya 18

Yamikani: Pa bokosi madam, pakona pansi kumanzere. 18 imakhala yofiira, 12 ndi 16 za mtundu wa lalanje, 3 ndi 7 zobiriwira. Kumbuyo kuli tizithunzi, chibakera ndiye kuti muli ndewu, jakisoni ndiye kuti muli za mankhwala osokoneza bongo, kangaude ndiye kuti ndi yoopsa

Gift: bokosi?? ndani anaonapo bokosi la gemu mu Lusaka muno kupatula ana aku Kabulonga 😂

Mabvuto: Mwaswera bwanji makolo. Ndakhala ndikuwerenga chabe koma ndione kuti kubisala sikuthandiza, shopu imene akunena amayi ndi yanga. Amake Dalitso pepani, dzulo ine kunalibe ndinapita ku Kamwala kukafuna ma padi, munapeza mng'ono wanga

Gift: eeeh nkhani yafika pa mwini wake

Amake Dalitso: Ndimadziwa kuti ndi yako Mabvuto, sindinafune kukutchula pagulu chifukwa amako ndimapemphera nawo. Koma poti wadzitchula wekha, ndiyankhe. Umadziwa kuti gemu imeneyi ndi ya akulu?

Mabvuto: Kunama sindinganame, ndimadziwa. Koma amayi mundimve kaye. Ine ndili ndi ma PS4 atatu ndi TV zitatu mu kashopu kamene lendi yake ndimalipira mwezi ndi mwezi kaya malaiti analipo kaya kunalibe, ndipo mukudziwa mmene zinalili 2024 madzi atachepa ku Kariba, tsiku lonse mdima, ndinachita kukongola kuti ndigule ka jenereta. Makasitomala anga ndani? ndi ana omwewa. Wamkulu wa zaka 25 sabwera masana, amabwera madzulo kudzamenya mpira awiri atatu basi. Mwana akabwera ndi K5 yake nkunena kuti ndiikireni GTA ine nkukana, amangotuluka kulowa shopu yachiwiri, mu mzere wathu womwewu tilipo anayi. Ndiye ine ndataya K5, mwana wasewerabe, chasintha ndi chani?

Aphunzitsi Zulu: Mawu amenewo ndi omwe amanena ogulitsa tujilijili aja kale, ndikakana ine akagula kwina. Mpaka boma linachita kuletsa

Mabvuto: Madam gemu si mowa

Aphunzitsi Zulu: Si mowa inde koma chifukwa chomwe wapereka ndi chomwecho

A Tembo: Tiyeni pang'onopang'ono, mwanayu wabwera yekha poyera, tisamuthamangitse

Mabvuto: Zikomo a Tembo. China chomwe ndifuna mudziwe, zomwe akunena a Yamikani za bokosi ndi zoona koma ine chiyambire bizinesi iyi sindinagulepo gemu ya mu bokosi. Makina amabwera magemu ali kale mkati, ukafuna ina umapita mu town kwa anyamata amakuikira pa hadi, magemu khumi nthawi imodzi. Disiki imodzi yeniyeni ku Manda Hill mtengo wake ndi ndalama yomwe ine ndimapanga masiku angapo. Ndiye chofiira chija cha 18 mwana sachiona, kholo silichiona, pa sikirini pamangobwera chithunzi cha gemu udina X basi yayamba

Yamikani: Apa ndiye pagona nkhani. Dongosolo lonse la manambala analipanga poganiza kuti pali shopu, pali bokosi, pali kholo lomwe latulutsa ndalama pa kauntala. Ku UK kuyambira 2012 wogulitsa akagulitsa gemu ya 12, 16 kapena 18 kwa mwana wosafika zakazo ndi mlandu. Ku South Africa kuli Film and Publication Board, ma disiki ochokera ku Joburg mukawaona amakhala ndi chizindikiro chawo cha makona atatu. Koma gemu ikadutsa pa intaneti nkulowa mu hadi ya munthu ku Town Centre nkulowa mu makina a Mabvuto, chikuto chatsala kutali, yafika ili maliseche

Gift: gemu yamaliseche 💀

Anambewe: Ndalowa mochedwa ndinali pa Soweto kuoda tomato. Ndawerenga zonse. Ine ndingofunsa amake Dalitso mwachikondi, paja Mabvuto yemweyu si amene amatiikira mafilimu mu fulashi? chifukwa ine sabata yatha ndinakupezani pomwepo mukusankha ya chi Korea ija

Gift: 🏃🏃🏃

Amake Dalitso: Anambewe nanga zimenezo zikugwirizana bwanji

Anambewe: Zikugwirizana asisi, khomo lake ndi limodzi. Polowera filimu yanu ndi pomwe palowera gemu ya mwana. Ine sindikudziyeretsa ayi, fulashi yanga ili mu chikwama muno ndipo yadzadza. Kwathu ku Lilongwe timati kubena, umapita kwa wobena ndi memori kadi akuikira nyimbo ndi mafilimu omasulira m'Chichewa aja, munthu waku China akulankhula ngati wa ku Mchesi, ana amadzadza mu vidiyo sho kuonera za nkhondo mitu ikuduka palibe amafunsa zaka. Tinakulira momwemo tonse

Amake Dalitso: Koma ine zomwe ndimaonera ndi zachikondi, palibe amaphedwa

Gift: amayi ija ya mfumu ija anthu amafa episodi iliyonse

Amake Dalitso: Iwe Gift ndikuuza amako

Chisomo: Poti nkhani yafika pa mafulashi ndilankhuleko, chifukwa apa ndiye pandipweteka ine. Ambiri mukudziwa kuti ndimajambula maukwati ndi ma kitchen party, koma zaka zitatu zapitazo ine ndi anzanga tinapanga filimu yathu, ya ola limodzi ndi mphindi 20, tinajambulira ku Chawama ndi ku Chongwe. Ndinagulitsa ka Vitz kanga kuti ndilipire osewera, chakudya, transport, ndi mnyamata wa saundi. Miyezi 7 ndikukonza pa laputopu usiku. Tinaionetsa kamodzi mu holo, anthu anaombera m'manja, ndinapatsa anthu atatu okha kope kuti aone ngati angaigule. Pasanathe masabata awiri mlamu wanga akundiimbira ali mu basi yopita ku Chipata ati alamu filimu yanu akuionetsa muno, mwatchuka! Anali wosangalala mwini wake. Ine ndinakhala pansi pa khonde osalankhula. Mpaka lero galimoto ndilibe, ndimakwera basi ndi ma tripod pamiyendo

Aphunzitsi Zulu: Pepani a Chisomo, zomvetsa chisoni

Anambewe: Iii koma ndiye zowawa

Chisomo: Ndiye mukamati filimu ya mu fulashi ilibe mwini, mwini wake ndi ngati ine. Aku Hollywood mwina samva kuwawa koma ife timamva

A Tembo: Funso langa ndi ili. Wolakwa ndani pamenepa? amene anatulutsa kope, amene akuikira anthu, kapena ife oonera? chifukwa ine mdzukulu wanga amandiikira mafilimu a nkhondo yachiwiri pa foni ndipo sindinaganizepo kuti ndikuba

Gift: ine ndimati olakwa ndi a network. bando ndagula ndi ndalama zanga, iwo adya, filimu yadutsa mu mawaya awo, ndiye azilipira iwowo eni filimu

Yamikani: Gift mfundo yakoyo anthu anapita nayo kale kukhoti, osati kuno koma ku Australia. 2008 makampani a mafilimu 34, kuphatikiza akuluakulu aku Hollywood, anasumira kampani ya intaneti yotchedwa iiNet, ati makasitomala anu akukopera mafilimu athu pa BitTorrent, njira yogawirana ma file pa intaneti, takutumizirani ma adiresi awo, inu simukuwadula, ndiye kuti mukuvomereza. iiNet inati ife timangopereka msewu, BitTorrent si yathu, ndipo sitingadule munthu chifukwa cha kalata chabe popanda umboni wokwanira. Mlandu unayenda mpaka khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, April 2012 oweruza onse anagwirizana kuti iiNet ilibe mlandu

Gift: ndiye a network anawina

Yamikani: Anawina koma nkhani sinathere pompo. 2015 boma lawo linapanga lamulo loti eni filimu atha kupita kukhoti kukapempha kuti ma saiti akuba atsekedwe, ndipo saiti imodzi yotere, The Pirate Bay, anaitseka kumeneko 2016. Anthu anangophunzira VPN, njira yolambalala kutsekako. The Pirate Bay yomweyo eni ake anawapeza olakwa ku Sweden 2009, saiti ina ya Megaupload anaitseka January 2012, koma lero mafilimu ali pa Telegram ngati tomato wa Anambewe pa Soweto. Ine ndimagwira ntchito ya ma network, ndikuuzeni zoona, zambiri zomwe zimadutsa masiku ano ndi zobisika, ife timaona kuti data yadutsa yochuluka bwanji koma osati kuti ndi filimu yanji. Ndipo mufunadi kuti kampani ya foni izisuzumira chilichonse chomwe mukutsegula? mawa adzasuzumira ndi mauthenga anu

A Tembo: Ayi zimenezo ayi

Chisomo: Koma achimwene Yamikani, yanga ija sinadutse pa intaneti poyamba. Inayenda pamanja, fulashi kupita mu laputopu, laputopu kupita mu fulashi, kenako ma foni kutumizirana pa SHAREit. Kuno intaneti imangobweretsa kope loyamba, munthu mmodzi amadawuniloda usiku ndi bando ya usiku ija, kwacha anthu 200 ali nayo opanda kuwononga ngakhale MB imodzi. Ndiye za ku Australia zo ndi za anthu omwe aliyense ali ndi waya wake m'nyumba

Yamikani: Zoona, pamenepo sinditsutsa

Aphunzitsi Zulu: Nanga lamulo lathu likuti chani? paja panali za ma hologram

Chisomo: Lamulo lilipo madam, Copyright and Performance Rights Act, la 1994, analikonzanso 2010. Hologram inabwera 2013, kakasitika konyezimira komata pa CD ndi DVD kuti yeniyeni izidziwika, apolisi amagwira ma disiki abodza nkuwaphwanya anthu akuona. Koma inafika nthawi yomwe disiki imafa kale. Hologram uimata pati pa fulashi? Oimba ali ndi ZAMCOPS yowatolera kangachepe ku ma wailesi, ku Malawi kuli COSOMA, koma wa filimu ngati ine ukapanda kugulitsa ku TV ngati Zambezi Magic ndiye kuti wagwira ntchito ya mpingo

Gift: nkhani yake ndi imodzimodzi ndi ya gemu ija, sitika ili pa chinthu chomwe palibe akugula

Aphunzitsi Zulu: Lero Gift walankhula zanzeru, lembani tsiku

Gift: 😎

Mabvuto: Ine ndivomere kuti mafilimu ndimaika, K2 imodzi, season K5. Koma makolo tiyeni tinene chilungamo, ndani pano angakwanitse zonse? Netflix inafika kuno 2016 koma imafuna kadi ya ku banki ndi bando yamphamvu, ukalipira iyo upeza filimu yomwe ukufuna ili kwina, mpira uli pa DStv, kukaonera ku mall tikiti ndi popcorn ndi basi ndiye kuti ndiwo za masiku atatu zapita. Anthu a mu komboni akufuna kuonera nawo zomwe dziko likukamba. Ine sindinawaphunzitse, anandipeza okha

Chisomo: Za akunja ndingakumvere pang'ono Mabvuto, ngakhale kuba ndi kuba. Koma yanga ndimagulitsa K20 yokha, sinafune kadi ya ku banki, nambala yanga ya mobile money inali pa poster. Anagula anthu osakwana 60. Ndiye nkhani si umphawi wokha, tinazolowera kuti chinthu cha pa sikirini ndi chaulere. Munthu yemweyo amene akuti K20 yachuluka Loweruka amwa mabotolo asanu

Anambewe: Apa ndiye mwatilasa tonse

A Tembo: Mwana wanga Chisomo, filimu yakoyo dzina lake ndani, ine sindinaionepo

Chisomo: Ndikutumizirani ku inbox a Tembo, pano ndikangoika poster mawa ipezekanso mu basi 😅

Amake Dalitso: Abale nkhani yanga mwaithawitsa. Ine ndabwera ndi za mwana wanga mwandipititsa ku Australia

Aphunzitsi Zulu: Tibwerere amake Dalitso. Ine monga mphunzitsi zomwe ndimaona si zoti mwana akasewera gemu ya mfuti mawa akaba galimoto ayi, ndaphunzitsa zaka 16 ndipo anyamata ambiri osewera zimenezi ndi ana abwinobwino. Zomwe ndimaona ndi tulo mkalasi, ndalama ya chakudya yathera ku gemu shopu mwana ali ndi njala 10 hours, ndi pakamwa. Mawu otukwana achizungu omwe mwana wa giredi 5 amatulutsa mpaka umadabwa, ndipo sadziwa tanthauzo lake, wina anandiuza mawu ena oipa kwambiri akumwetulira akuganiza kuti ndi moni wa ku America. Ndinamufunsa wamva kuti ati mu gemu

Amake Dalitso: Dalitso naye masiku ano akumayankhula chizungu cha m'mphuno, ine ndimati ndi sukulu

Gift: ndi sukulu ya Los Santos, mzinda wa mu GTA, amayi

Yamikani: Ndipo tisangoyang'ana kwa Mabvuto, foni zomwe tawapatsa anazi ndiye gemu shopu yaikulu. Free Fire, PUBG, Call of Duty, zonse zili pa Play Store ndipo pamenepo nambala ilipo, pansi pa dzina la gemu pamalembedwa 12+ kapena 16+ kapena 18+, palibe amawerenga. Mu Play Store momwemo mukalowa ku settings muli parental controls, mumaika PIN nkusankha zaka, zopitirira pamenepo sizioneka. Pali ndi Family Link ya Google yomwe mutha kuika maola. PS4 nayo ili ndi zomwezo. Ndi mphindi 5 chabe

Anambewe: Vuto ndi loti amene amandikonzera settings mu foni ndi mwana yemweyo

Gift: 😂😂😂 PIN aika yekha

Yamikani: Ndiye bweretsani kwa ine Lamlungu tikatuluka mu tchalitchi, ndikuikirani mwana asakuona. China, musadalire nambala yokha. Gemu ya mpira ija tonse timaitchabe FIFA ngakhale anaisintha dzina 2023 kukhala EA Sports FC, kwa zaka zambiri yakhala ya 3, yobiriwira, koma mkati muli ma paketi ogula ndi ndalama zenizeni osadziwa kuti mutuluka player wanji, mwina Mbappé mwina wa pa benchi. Ku Belgium 2018 anati zimenezi ndi juga. Ndiye mwana amene wazolowera kutsegula ma paketi, ndi ma betting shop omwe ali pakona iliyonse mu Lusaka muno, mukuona komwe njira ikupita

Aphunzitsi Zulu: Ine zimenezo zimandiopsa kuposa mfuti za pa TV

A Tembo: Kodi boma silingangoletsa magemu oipawo asalowe m'dziko

Yamikani: Ku Australia komweko anayesa a Tembo. Kufika 2012 kunalibe nambala ya 18 ya magemu, yomaliza inali MA15+, gemu ikaposa pamenepo amaikana kuti isagulitsidwe. Mortal Kombat ya 2011 anaikana. Akuluakulu omwe amaifuna anangoitanitsa kunja kapena kudawuniloda, ndipo magemu ena omwe kwina anali a 18 kumeneko amalowa ngati a 15. Mpaka January 2013 anayambitsa R18+. Ndiye ngati dziko lokhala ndi nyanja mbali zonse linalephera, ife a malire 8 tingatseke pati

Gift: Mortal Kombat ndiye tinakulira ife, finish him, pa Sega ya a neba ku Matero tili ana 12 pa mkeka

Yamikani: Ndipo ndi yomweyo inayambitsa zonsezi, aphungu aku America anakhalira pansi 1993 chifukwa cha magazi a mu Mortal Kombat, 1994 ESRB nkubadwa

Gift: ndiye ine ndine umboni woti sizipweteka, onani ndinakula bwinobwino

Aphunzitsi Zulu: Umboni wake ndi umenewo ndiye tiyenera kuda nkhawa

Anambewe: 🤣🤣 madam mwamupha

Amake Dalitso: Chabwino. Ine Mabvuto sindikufuna shopu yako itsekedwe, ndi bwino uli pamenepo kusiyana ndi kukhala pa kona ndi ma junkie. Ndipo kunena zoona Dalitso akakhala kwa iwe ndimadziwa komwe ali. Koma iwe ndi amene umaona zomwe zili pa TV, ine sindiziona, bambo ake ali ku Solwezi amabwera kamodzi pa mwezi. Wati umadziwa kuti ndi ya akulu. Mng'ono wako wa zaka 9 uja umamulola?

Mabvuto: Ayi amayi, iye amasewera mpira ndi ya magalimoto basi

Amake Dalitso: Ndiye wanga wasiyana pati

Gift: ...

Mabvuto: Ndamva amayi. Palibe chomwe ndingayankhe pamenepo

A Tembo: Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, akulu ananena kale. Mabvuto ungachite chani chomwe sichikupha bizinesi

Mabvuto: Ndaganiza. Makina amodzi aja a pakona nditha kusiyamo GTA ndi Mortal Kombat ndi Call of Duty, ndiwatembenuze ayang'ane kukhoma, azisewera akulu kuyambira 18 hours. Awiri enawo ndisiye mpira, magalimoto, Minecraft ndi za ana. Koma ndikupempheni chinthu, mukalankhule ndi anzanga atatu aja, ine ndekha sangandimvere aziti ndikufuna kuwalamulira, ndipo ana onse akathawira kwa iwo ine mwezi wa mawa lendi ndilibe

Aphunzitsi Zulu: Ine ndipita nawo. Loweruka m'mawa a Tembo mulipo? akaona imvi amamvera

A Tembo: Ndilipo, 9 hours. Wina wa iwo ndi mwana wa malemu a Banda, ndinamunyamula ali khanda, sangandikanire

Yamikani: Ndikupangira pepala Mabvuto, dzina la gemu ndi nambala yake pambali mwa mitundu yake, umate pakhomo makolo aziona. Nditumizire mndandanda wa zonse zili mu makina

Mabvuto: Nditumiza usiku. A Chisomo, pali china. Pomwe mumalankhula paja ndinatsegula hadi kuyang'ana mu folder ya Zed movies. Ija ya ku Chawama ya mtsikana wogulitsa makala, ndi yanu?

Chisomo: Ndi yanga

Mabvuto: Ilimo. Sindimadziwa, inabwera pamodzi ndi zina 40 kuchokera mu town, ilibe ngakhale dzina lanu, file yake analemba kuti zed movie new 3. Anthu amaikonda, azimayi makamaka, ndaikira anthu ambiri sindingawerenge. Ndiifufute?

Anambewe: Iii ija ndi ya a Chisomo?? ine ndinalira pomwe amake anamuthamangitsa usiku mvula ikugwa

Amake Dalitso: Inenso ndinaonera, kawiri. Sindimadziwa kuti ndi yanu achimwene

Chisomo: Mvula imeneyo inali ya paipi ya a neba, tinalipira K50 ya madzi 😅 Sindikudziwa ndiseke kapena ndilire. Usafufute Mabvuto, ukafufuta iwe kwa anzako ikhalapobe. Kope uli naloyo ndi loyamba lija, saundi yake ndi yoipa ndipo mayina a osewera kumapeto anadula. Ndikubweretsera labwino, ulembe dzina lake lenileni, uziika K10, K5 yako K5 uzinditumizira. Tione ngati anthu omwe analira angalipire

Mabvuto: Ena akana, aziti kwa uje ndi K2

Chisomo: Akakana akana, ukawauze kuti mwini wake amakwera basi ya Kabwata yomweyi

Anambewe: Ine yanga ndatumiza kale K20, onani pa foni, ndi ya misozi ija

Chisomo: Yafika mayi, zikomo kwambiri 🙏

Gift: ine nditumiza month end

Aphunzitsi Zulu: Ya chaka chiti

Amake Dalitso: Yanga nditumiza madzulo ndikatseka pa saluni. Dalitso ndalankhula naye pano wabwera ku sukulu, ati amama ine sindimapha anthu ndimangoyendetsa galimoto kupita ku nyanja, anzanga ndi omwe amati ndigunde. Ndamuuza kuti mpira yekha, ndipo Loweruka basi, walira pang'ono wasiya. Mabvuto fulashi yanga yofiira ija ili kwa iwe kuyambira Lachiwiri, season 2 ija unamaliza kuika?

Gift: AMAYI 😂😂😂

Amake Dalitso: Ndinalipira kale iwe. Ndimutuma Dalitso adzatenge

Amake Dalitso: Ayi ndibwera ndekha